Kumbuyo kwa chikalata cha a Zakariya

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha malume anga ndi pakamwa pawo posatseka. Masisitere a ku mishoni anali atandiphunzitsa kulemba pa makina, koma atachoka, nkhondo itayamba kumveka kumapiri, ndinabwerera kwa amayi ku aldeya, mudzi uja wa nyumba za m'mizere umene boma linatisonkhanitsamo, ndipo zala zanga zinabwerera ku khasu. Malume ankauza aliyense wokumana naye kuti mwana wa mlongo wawo amalemba Chipwitikizi pa makina osayang'ana pansi. Linali bodza, ndinkayang'ana. Koma bodzalo linafika kwa a Jasinto Mbewe, amene anthu anali atawasankha kukhala juwizi, woweruza wamkulu wa tiribunale, bwalo la milandu la m'dera lathu, ndipo anandiitanitsa.

A Jasinto kale anali mphunzitsi, ndipo ankaimba kwaya limodzi ndi malume asanasiye tchalitchi chifukwa cha chipani. Anali munthu wamtali, wolankhula pang'onopang'ono. Anandikhazika pa mpando nandiuza kuti ndilembe zimene anene. Makinawo anali otsalira m'sitolo ya mzungu wina amene anathawa, ndipo chilembo cha "a" chinkakanirira pa pepala mpaka uchibweze ndi chala. Nditamaliza anayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Mwalakwitsa pawiri, Rozalina," anatero. "Amene analipo uja ankalakwitsa pakhumi. Mubwere Lolemba."

Milandu inkazengedwa pansi pa chisakasa cha udzu kuseri kwa ofesi. A Jasinto ankakhala pakati, oweruza anzawo awiri m'mbali, ine kumapeto kwa benchi ndi kabuku ndi lapisi. Anthu ankalankhula chinenero chathu, ine ndinkalemba mwachidule, ndipo masana ndinkaziika m'Chipwitikizi pa makina. Lamulo linkafuna mapepala atatu pa chigamulo chilichonse, pakati pake n'kuikapo kimiko, pepala lakuda lopyapyala lija losindikizira. Limodzi linali lathu, lina la ku boma ku Chifunde, lina la mwini mlandu. Pomaliza a Jasinto ankasaina, ine n'kudinda karimbo, chidindo cha bwalo.

Amene analemba lamulo limenelo sanakhalepo kwathu nthawi ya nkhondo. Katundu wa ofesi ankayenera kubwera pa koluna, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali kuchokera ku Tete. Koluna ikabwera inkatsitsa zipolopolo, ufa ndi alendo a chipani, koma mapepala ayi. Fita ya makina, kansalu kaja konyamula inki, ikauma ndinkaidonthezera parafini n'kuikulunga mobwerera. Zilembo zikadzaza litsiro ndinkazitokosa ndi munga. Inki ya karimbo itatha, ndinkapempha kwa namwino mankhwala aja opaka pa zilonda, n'kuwathira pa kansanza, moti chidindo chathu chinkatuluka chotumbuluka ngati cha munthu wodwala. Mapepala atatu anasanduka awiri, awiri anasanduka limodzi. Kenako a Jasinto anaika lamulo lawolawo, loti mlandu ukatha ndizitembenuza mapepala ake n'kulemba kumbuyo. Mbali yakaleyo ndinkaidula ndi mzere wa lapisi kuchokera pangodya kufika pangodya ina, kuti wowerenga adziwe kuti zimenezo zinatha.

Ndisawanamizire a Jasinto, poti tsopano ali kumanda. Pomvetsera mlandu analibe mnzawo. Munthu ankatha kuyambira nkhani ya mbuzi pa tsiku limene anakwatira, iwo osamudula, ine lapisi ikungotha. Koma analinso ndi mbali ina. Galimoto ya ku boma ikangoima panja, khosi lawo linkafupika. Ankafuna kukhala deputado, phungu woimira dera lathu ku boma, ndipo ankafuna ndi mtima wonse, ngakhale ankakonda kunena kuti ndi anthu akuwakakamiza. Ine ndi amene ndinkawalembera zokamba pa misonkhano, ndiye ndinkamudziwa bwino wokakamizayo.

Mlandu wa a Zakariya Tembo unabwera m'chilimwe. A Zakariya ankakonza njinga pafupi ndi msika, munthu wosadziwa kuwerenga koma wotha kulumikiza tcheni choduka ndi kawaya n'kuyenda chaka. A milisiya, anthu a m'mudzi omwewo amene anapatsidwa mfuti kuti azilondera, anawagwira pa njira ya kudambo atanyamula kachitini ka mchere. Masiku amenewo mchere unali mlandu. Ukapezeka nawo kunja kwa aldeya ankati ukukadyetsa anthu a m'tchire, amene boma linkamenyana nawo. Komandante wa milisiya analemba kalata yoneneza, yaifupi, nadindapo chidindo chake chachikulu, cha inki yeniyeni.

A Jasinto anamva mlanduwo tsiku lonse. Zinapezeka kuti mcherewo unkapita kwa apongozi a a Zakariya, amene anakana kusamukira ku aldeya n'kutsala kumunda wakale ndi mbuzi zawo. Mboni zinayi zinanena zomwezo. Komandante anakhala kumbuyo, mwendo pamwamba pa unzake, akugwedeza nsapato kuti aliyense aione. A Jasinto sanamuyang'ane n'komwe. Anagamula kuti munthuyu alibe mlandu, ndipo tsiku limenelo ndinawanyadira kwambiri.

A Zakariya sanafune kugonanso sabata m'mudzimo. Akazi awo ndi ana anali atapita kale kwa abale ku Cassacatiza, ndiye anapempha chikalata chosonyeza kuti amasulidwa, chokhalanso giya, chilolezo choyendera chimene munthu ankaonetsa pa zipata za asilikali. Dzuwa linali litapendeka, iwo ataima pakhomo chipewa chili m'manja. Ndinafufuza pepala loyera kumbuyo, ndipo loyamba pa mulu linali kalata ija ya komandante. Ndikukumbukira bwino zimene ndinaganiza. Ndinaganiza kuti ndachita zanzeru, choneneza ndi chigamulo zikhale pa pepala limodzi, wowerenga aone poyambira ndi pothera. Munthu wa mu ofesi amaganiza choncho, chifukwa mu ofesi aliyense amawerenga mwa dongosolo. Mzere wa lapisi sindinadule, poopa kuti komandante akamva kuti ndakhwatcha chidindo chake zindivuta. Ndinalemba, a Jasinto anasaina osatembenuza, ine ndinadinda karimbo yathu yotumbuluka ija. A Zakariya anapinda chikalatacho, nachiika m'thumba la pamtima, nandithokoza powomba m'manja.

Patadutsa masiku awiri, m'mawa ndikusesa mu ofesi, analowa mlongo wa a Zakariya, a Anastaziya, miyendo ili mbuu. Iwo ndi amene anawaperekeza dzulo lake mpaka pa mlatho, pamene panali kontorolo, chipata cha asilikali.

"Awamanga alongo anga," anatero. "Agona pa mtengo, manja ali kumbuyo. Akuti chikalata chanu chikunena kuti amadyetsa a m'tchire."

"Chikunena kuti alibe mlandu, mayi."

"Uko n'kumene munalemba inu. Iwo awerenga kwinako."

Ndinaika tsache pansi. Asilikali a pa mlatho sanali a kwathu, anali ochokera kum'mwera, osadziwa a Zakariya, osadziwa a Jasinto, osamva ngakhale chinenero chathu. Anaona zidindo ziwiri, china chakuda bii, china chosaoneka bwino, ndipo anakhulupirira chakudacho. Anati munthuyu waba kalata ya mlandu wake n'kupeza wina womulembera kumbuyo. A Anastaziya anamva kuti koluna yopita ku Tete idutsa pa mlathopo tsiku lomwelo, ndipo omangidwa onse akwezedwa. Tonse tinkadziwa kuti munthu wokwezedwa pa koluna ndi mlandu wotere, kubwera kwake kunali kwa mwayi.

Tsikulo ndi limene a Jasinto analidikira chaka chonse. Alendo a ku boma anali atafika, mipando itayalidwa pabwalo la sukulu, ndipo ofuna udeputado ankayenera kuima pamaso pa anthu mmodzimmodzi. A Jasinto analowa mu ofesi kudzatenga zokamba zawo, atavala malaya osita, ndipo ndinawauza zonse ndisanawapatse moni.

"Munalemba pa chiyani?"

"Pa kalata ya komandante, bambo."

"Osadula?"

"Osadula."

Anakhala pansi. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira.

"Ndi ola limodzi pa njinga," ndinatero. "Mukanyamuka pompano, mubwera msonkhano usanafike pakati."

"Alendo akhala kale pansi, Rozalina. Komandante ali pa tebulo lomwelo. Ndikachoka pano kukamasula munthu amene iye anamugwira, pobwera ndipeza dzina langa atalichotsa. Koluna sidutsa dzuwa lisanapendeke. Tilembe kalata, muthamange nayo, ine ndikutsatirani msonkhano ukatha."

"Tilembe pa pepala liti?"

Anatulutsa kiyi m'thumba, natsegula kabati ya pansi imene ndinali ndisanaionepo yotsegula. Munali mtolo wa mapepala oyera mbali zonse, wonenepa ngati njerwa.

"Ndi a malipoti a chipani," anatero, osandiyang'ana.

Mpaka lero ndikakumbukira kabati imeneyo mtima umandiwawa. Miyezi yonse ija ndikutembenuza mapepala a milandu ya mbuzi ndi ya chigololo, kulemba moyo wa anthu kumbuyo kwa zonyansa za anzawo, mapepala anali pansi pa bondo langa. Ndinalemba kalatayo ndi ukali, chilembo cha "a" chikukanirira mzere uliwonse ngati nachonso chikundinyoza. Anasaina, ndinadinda, ndinakabwereka njinga ya malume.

Msewu wa ku mlatho tinkauopa chifukwa cha mabomba okwirira. Unkayenda m'mizere ya matayala a galimoto yomaliza kudutsa, osapatuka ngakhale pa mchenga. Ndinafika thukuta lili kamukamu. A Zakariya anali atakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi amuna ena awiri, chingwe chitalowa m'mikono, zala zitatupa n'kuda. Anandiona ndisanatsike njinga.

"Mwabwera nawo a Juwizi, mayi?"

"Akubwera, bambo. Ali m'mbuyomu."

Sajento wa pamenepo anali munthu wachikulire, ndipo sanali chitsiru. Anawerenga kalata yanga kawiri, natulutsa chikalata cha a Zakariya, naziika pamodzi pa bondo. Analoza chilembo cha "a" apa ndi apo. Tinkalankhula Chipwitikizi.

"Makina amodzi," anatero. "Walemba ndiwe zonse ziwiri?"

"Ndine, ndine mlembi wa bwalo."

"Ndiye wandibweretsera pepala lako kuti lichitire umboni pepala lako linzake. Ine juwizi wakoyo sindimudziwa, siginecha yake sindiidziwa. Ndikudziwa chidindo cha komandante ichi. Abwere juwizi mwini wake, kapena komandante, ndiwaone nkhope. Iwe pita ndisanaganize zokukhazika pansi pa mtengowo."

Ndinapempha kuti awamasuleko chingwe pang'ono. Anati koluna ikafika. Ndinawamwetsa a Zakariya madzi a m'botolo langa, chifukwa sakanatha kuligwira, n'kubwerera. Njira yonse ndinkatukwana mumtima, a Jasinto, komandante, sajento, ndi amene anapanga mapepala kukhala ndi mbali ziwiri. Ine ndekha ndinkadzisiya pomalizira.

Nditafika pabwalo la sukulu dzuwa lili paliwombo, ndinapeza a Jasinto ataima kutsogolo, manja atawapinda kumbuyo. Chisankho cha masiku amenewo chinalibe bokosi. Munthu ankaimikidwa pamaso pa anthu, mlendo wa ku boma n'kuwerenga mbiri yake, kenako n'kufunsa katatu ngati alipo ali ndi chonena. Anthu ankanenadi. M'mawa womwewo anali atamukana munthu wina chifukwa chomenya mkazi. A Jasinto anandiona ndili ndi njinga kumapeto kwa bwalo. Ndinapukusa mutu. Iwo anayang'ana pansi, koma sanasunthe.

"Ali ndi chonena ndani pa kamarada uyu?" anafunsa mlendoyo, powatchula a Jasinto mmene a chipani ankatchulirana.

Mawu ndinali nawo, okonzeka, ndinawakonza njira yonse. Ndikananena kuti munthu amene bamboyu anamumasula wamangidwa pa mlatho, ndipo sajento akufuna nkhope ya juwizi kapena ya komandante, onse awiri ali pano. Sizikanatenga nthawi yaitali kuposa kumwa madzi. Koma ndikanayeneranso kunena amene analemba kumbuyo kwa kalata ya komandante, pamaso pa komandanteyo, pamaso pa amayi ndi malume. Mlendo anafunsa kachiwiri. A Anastaziya anali pakati pa amayi anzawo, atanditembenukira, akundiyang'ana. Anafunsa kachitatu. Ndinagwira zogwirira za njinga n'kukhala chete, ndipo bwalo lonse linawomba m'manja.

Nyimbo zisanathe, a Jasinto anadutsa pakati pa anthu owagwira chanza, nandilanda njinga, nanyamuka. Ndinali ndisanawaonepo akupalasa choncho. Anabwera dzuwa likulowa, malaya osita aja atamatirira kumsana, naimika njinga pakhomo pa ofesi pamene ine ndi a Anastaziya tinali kudikira.

"Koluna inafulumira lero," anatero.

A Anastaziya anaimirira, namanga chitenje chawo, napita osatsanzika.

Kuyambira tsiku limenelo kiyi wa kabati anali wanga. Sindinawapemphe, anangomusiya pa makina. Tinalemba makalata opita ku Tete mpaka ndinaloweza mawu ake, ndipo palibe imene inayankhidwa. Pomaliza a Jasinto anakwera koluna okha, nthawi imene magalimoto ankawotchedwa panjira, nakagogoda m'maofesi ndi khadi lawo latsopano la udeputado. Anapita kawiri. Ulendo wachiwiri anabwera ndi a Zakariya, patatha miyezi isanu ndi iwiri.

Nkhani imeneyi ine ndi a Jasinto sitinagwirizanepo. Tinagwira ntchito limodzi zaka zina zitatu, iwo akukwera, kusankhidwanso, kenako kusamukira ku boma ku Chifunde kumene anakhala munthu womveka mpaka nkhondo itatha. Kamodzi kokha ndinawafunsa maso ndi maso.

"Ndikanapanda kusankhidwa, ku Tete kuja ndikanalowa ndi chiyani?" anatero. "Juwizi wa pansi pa chisakasa akanamutsegulira ndani?"

"Mukanapita m'mawa muja, ku Tete sikukanafunika."

"Nanga inu, Rozalina, anakufunsani katatu."

Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndimawakwiyirabe. Pa maliro awo anthu ananena zabwino zambiri, ndipo zambirizo zinali zoona. Ine ndinakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Iwo anadikira msonkhano kuti uthe, ine ndinadikira kuti wina alankhule m'malo mwanga, ndipo amene anatilipirira kudikirako anali munthu woti anangonyamula mchere.

Achinyamata ofuna ntchito ya m'maofesi akandifunsa chimene ndinaphunzira, amayembekezera kuti ndinena za liwiro la zala. Ndimawauza kuti pepala likatuluka pakhomo limapita lokha, iwe sulitsatira kukafotokoza zimene unkatanthauza, ndipo wolilandira aliwerenga kuyambira kumene iye wafuna. Uzilitembenuza usanalipereke. Ndipo ukalakwitsa, unene nthawi yomweyo, mokweza, wolakwiridwayo akadali pafupi. Choyambacho ndinachisunga zaka zonse. Chachiwiricho ndimachiphunzitsa bwino kuposa mmene ndinachichitira.

A Zakariya atabwera anakhala kwa mlongo wawo masabata angapo, kenako anafika ku ofesi kudzapempha giya ina yopitira ku Cassacatiza. Zala za dzanja lawo lamanja zinali zitauma, zosapindika, ndipo ntchito ya njinga inali itathera pomwepo. Ndinatenga pepala loyera, ndinalemba mosamala, ndinadinda. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Zinapita izo, mayi. Ndiwerengereni ndimve."

Ndinawawerengera mzere uliwonse, m'Chipwitikizi kenako m'chinenero chathu. Analandira chikalatacho pochipana ndi zikhatho ziwiri, nachitembenuza movutikira.

"Nanga kuno?"

"Kulibe kanthu, bambo. N'koyera."

Anagwedeza mutu, nathokoza, natuluka. Ndinawaona pa windo. Anaima panjira mpaka panadutsa aphunzitsi ena aakazi a ku sukulu, nawaimitsa mwaulemu, nawapatsa chikalatacho chotembenuza kuti awaonere ngati kulibedi kanthu.